Nthano Zakale m'Mabuku Atsopano a Anyamata ndi Atsikana

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za ku midzi

Nkhani ya lero iri ya ana amene aleka kukhala pa moto madzulo. Mwana wa zaka 6 akamva agogo ace akuti "Padangokhala," ayankha "Tiri tonse" ndi mtima wonse, ndipo sakayika kuti Kalulu alankhuladi. Koma akafika zaka 13 kapena 14, nthano aiyesa cinthu ca makanda, ndipo akauzidwa m'kalasi kuti asimbe imodzi, aseka mwamanyazi nayang'ana pansi. Aphunzitsi ambiri atsimikiza kuti pa msinkhu umenewu nthano yatha nchito. Koma ku maiko ena kuli olemba mabuku amene anazindikira kuti mwana wotere sanatope ndi nthano ai. Cimene camthera ndico kubvomereza zonse osafunsa. Tsopano afuna kudziwa: Cifukwa ninji mtsikana uja anangokhala cete pomzunza? Nanga atate ace anali kuti? Olemba awa atenga nthano imene ali yense aidziwa, naiumbanso kukhala buku lalitali loyankha mafunso otere, ndipo mabuku ao awerengedwa ndi acinyamata miyandamiyanda.

Wina angatsutse msanga kuti nthano ndi cuma ca makolo, ndipo kuisintha ndiko kuiononga. Mau awa akoma m'khutu, koma mbiri siiwabvomereza. Nthano ya Cinderella, mwana wamasiye wozunzidwa ndi mai wompeza, inalembedwa ku China m'zaka za m'ma 800 ndi Duan Chengshi, ndipo kumeneko mthandizi wa mtsikanayo anali nsomba imene mai wompeza anaipha, mafupa ace nayamba kumpatsa mwanayo zosowa zace. Charles Perrault wa ku France anailemba m'caka ca 1697, naikamo nsapato ya galasi ndi dzungu losanduka gareta, ndipo kwa iye mtsikanayo akhululukira abale ace pomariza. Jacob ndi Wilhelm Grimm a ku Germany anatulutsa buku lao la nthano m'caka ca 1812. M'menemo nsapato iri ya golidi, ndipo abale oipa aja adziceka mapazi ndi mpeni kuti nsapato iwakwane. Ngakhale a Grimm omwewo sanaleke kukonza. M'buku la 1812 mkazi wofuna kupha Snow White anali mai wace wombala; pofika 1819 anamsandutsa mai wompeza, kuti nkhani isaopsye mabanja; ndipo anakonzabe kufikira kusindikiza kwacisanu ndi ciwiri m'caka ca 1857. Agogo a kuno acita cimodzimodzi usiku uli wonse. M'mudzi uno mlonda woyamba wa citsime ndiye Fisi, m'mudzi wa patsidya ndiye Njati, ndipo palibe anapitapo ku bwalo la mfumu cifukwa ca ici.

Mwa mabuku oyamba kuchuka a mtundu watsopanowu muli Beauty, limene Robin McKinley wa ku America anatulutsa m'caka ca 1978. Latenga nthano ya namwali wopita kukakhala ndi cirombo, imene mphunzitsi wacikazi, Jeanne-Marie Leprince de Beaumont, anaifupikitsira ophunzira ace ku London m'caka ca 1756. Kwa McKinley namwaliyo sadziyesa wokongola konse, akonda mabuku ndi kavalo wace, ndipo abale ace ali okoma mtima. Comweco nsanje yonse yacotsedwa, ndipo wowerenga atsala ndi funso limodzi lokha, lakuti munthu angazolowere bwanji nkhope yoopsya kufikira kumkonda mwini wace. Pambuyo pace anatsata ambiri. Marissa Meyer, m'buku lochedwa Cinder la 2012, anamsandutsa Cinderella makaniko wa m'mzinda wa m'tsogolo, wa phazi lacitsulo, amene pothawa ataya phazi lonse m'malo mwa nsapato. Zoterezi ziseketsa ndithu, koma mabuku ambiri a mtundu uno angobveka nthano malaya atsopano, mkati mwace osakhudzamo.

Buku loyenera kuti aphunzitsi alilingalire kopambana ndilo Ella Enchanted, la Gail Carson Levine, limene linatuluka m'caka ca 1997. Levine anafuna kulemba nkhani ya Cinderella, koma cinthu cimodzi cinamsautsa: mtsikana uja asesa, acapa, agona paphulusa, namvera zonse osatsutsa ngakhale kamodzi. Kodi umenewu ndi ubwino, kapena kupusa? Yankho limene anapeza ndi lakuti kumvera kwa mtsikanayo kunali temberero. Ella ali khanda, mkazi wamatsenga, dzina lace Lucinda, anatopa ndi kulira kwace, nampatsa mphatso yakuti azimvera lamulo liri lonse. Kuyambira pamenepo munthu ali yense akamlamula, angakhale mwana mnzace, Ella sangathe kukana. Akayesa, mutu umzungulira, mseru umgwira, mpweya umthera, kufikira atacita comwe wauzidwa. Pempho silimkakamiza, lamulo lokha ndilo limmanga.

Amai ace, asanamwalire, amlamula kuti asauze munthu za tembererolo. Koma Hattie, mwana wa mkazi amene atate a Ella adzamkwatira, azindikira cinsinsico, ndipo amlanda mkanda wa malemu amai ace, amletsa kudya, namlamula kuti aleke ubwenzi ndi mnzace wa pamtima. Tsono apa ndi pamene wolemba anaonetsa kuti awadziwa ana. Temberero silimcititsa Ella kukhala wofatsa ai; limcititsa kukhala wocenjera ngati Kalulu. Acedwetsa dala, atsata mau a lamulo nasiya tanthauzo lace, ndipo akatumidwa kukatenga mtedza abwera ndi njere ziwiri zokha. Palibe mphunzitsi muno amene sanakomanepo ndi mwana wotere, amene akauzidwa kusesa asesa pokhapo pamene maso a aphunzitsi afika.

Pomariza mwana wa mfumu, dzina lace Char, afuna kumkwatira, ndipo Ella nayenso amkonda. Koma aona kuti akalowa m'nyumba yacifumu, mdani ali yense wodziwa cinsinsi angamlamule kuulula za ufumu, kapena kupha mwamuna wace. Cotero pamene alamulidwa kuti abvomere ukwati, alimbana ndi thupi lace lomwe, nakana. Ndipo kukana kumeneko ndiko kuthyola temberero. Atamasuka, abvomera ukwati womwewo mwa kufuna kwace. Nkofunika kuzindikira kuti zaka zonse zija Ella anayesa kukana cifukwa ca iye mwini, nalephera. Anakhoza tsiku limene anakana cifukwa ca moyo wa munthu wina. Comweco buku ili siliphunzitsa mwano, monga ena angaope.

Nkhaniyi iwakhudza aphunzitsi pamtima peni peni, pakuti m'sukulu zambiri mwana wotamandidwa koposa ndiye wosayankha. Lamulo la Maphunziro la 2011 linaletsa mkwapulo m'sukulu za Zambia, koma mphunzitsi angathe kuumba ana onga Ella ndi liu lokha, popanda ndodo. Mtsikana amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri waphunzira kuti "iai" ndi mau osanenedwa kwa wamkulu, adzawapeza kuti mauwo tsiku limene mwamuna wa msinkhu wa atate ace amuimitsa pa njira ya ku cigayo? Adzawapeza kuti pamene abale akhala pansi kupangana zomcotsa sukulu kuti akwatiwe? M'caka ca 2023 Boma linakonza lamulo la ukwati, kotero kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18 suli ukwati, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Lamulo ndi labwino, koma lamulo silikhalapo pa khonde madzulo pamene amalume alankhula. Amene akhalapo ndi mwanayo. Kalasi imene yawerenga kapena kumva nkhani ya Ella iri ndi poyambira kukambirana za kusiyana kwa ulemu ndi mantha, popanda kuchula dzina la munthu ali yense wa m'mudzi; ndipo imeneyi ndiyo nchito imene nthano yakhala ikugwira kuyambira kale.

Citsanzo cina cicokera kwa mphunzitsi. Rick Riordan anaphunzitsa Cingerezi ndi mbiri yakale zaka 15 ku California ndi ku Texas. Mwana wace wamwamuna anali ndi bvuto lochedwa dyslexia, limene licititsa kuti zilembo zisokonezeke pamaso pa mwana ngakhale ali wanzeru, ndiponso sanali kutha kukhazikika m'kalasi. Koma anakonda nthano za Agiriki. Atate ace anamsimbira usiku ndi usiku kufikira nthano zinawathera, ndipo mwanayo anapempha kuti apeke yatsopano ndi anthu omwewo. Kucokera pamenepo munabadwa The Lightning Thief, la 2005, loyamba mwa mabuku asanu amene anatha m'caka ca 2009. Percy Jackson, mnyamata wa zaka 12 wocotsedwa m'sukulu zambiri, apeza kuti ali mwana wa Poseidon, mwini nyanja m'nthano za Agiriki, ndi kuti Cingerezi cimbvuta cifukwa maso ace anabadwira kuwerenga Cigiriki cakale. Phiri la Olympus lasamukira pamwamba pa nyumba yaitali ya Empire State ku New York, ndipo Medusa, amene maso ace asandutsa munthu mwala, ali ndi sitolo yogulitsa mafano okongoletsa bwalo. Wowerenga acedwa pang'ono asanazindikire kumene mafanowo acokera.

Kunena zoona, Riordan sali wolemba wozama. Nthabwala zimculukira, ndipo nkhondo itsatana ndi nkhondo. Sikulinso koona kuti mwana wobvutika kuwerenga ali ndi mphamvu zobisika. Cimene asowa ndi mphunzitsi woleza mtima. Koma buku lace linaika pa mpando waulemu mwana wa pa benci la kumbuyo, ndipo ana ambiri amene anali kuthawa mabuku analitsiriza, nafunafuna nthano zeni zeni za Agiriki pambuyo pace. Nthano yoyamba siinafe cifukwa ca iye ai. Inapeza owerenga atsopano.

Kwa nthawi yaitali mabuku awa anatunga pa citsime cimodzi, ca ku Ulaya. Koma tsopano nthano za Africa zalowamo. Kwame Mbalia, m'buku la 2019 lochedwa Tristan Strong Punches a Hole in the Sky, asimba za mnyamata wa ku Chicago amene mnzace wa pamtima anafa pa ngozi ya basi. Atatumizidwa kwa agogo ace ku Alabama, agwera m'dziko la nthano, kumene akomana ndi anthu a m'nthano za Anansi kangaude wa ku Ghana, ndi John Henry, ndi Brer Rabbit. Dzina lotsirizali liyenera kuwadzutsa aphunzitsi a kuno, pakuti Brer Rabbit ndi mbale wace wa Kalulu. Akapolo anaoloka naye nyanja m'mitu mwao, ndipo Joel Chandler Harris anamlemba m'buku m'caka ca 1880. Kumeneko agwidwa ndi cidole ca phula, monga Kalulu wa kuno, atakana kukumba citsime, anamatirira pa ulimbo wa pa msana wa Fulu. Natasha Bowen, m'buku la 2021 lochedwa Skin of the Sea, anatenga nthano ya Hans Christian Andersen ya 1837 ya namwali wa m'nyanja, theka munthu theka nsomba, naisamutsira ku gombe la kumadzulo kwa Africa. Namwali wace, Simidele, ali ndi nchito yosonkhanitsa mizimu ya anthu oponyedwa m'madzi kucokera m'zombo za akapolo, kufikira tsiku limene apeza mnyamata akali moyo, nampulumutsa molakwira lamulo.

Pali buku lina lofunika kuliyesa mosamala, ndilo Akata Witch, la Nnedi Okorafor, la 2011. Sunny ndi mtsikana wa zaka 12 wa khungu lacialubino, wobadwira ku America koma wokhala ku Nigeria. Akonda mpira, koma dzuwa limletsa, ndipo anzace amnyoza. Wolemba amcita iye kukhala mwini nkhani, wanzeru ndi wolimba mtima, ndipo m'dera lino, kumene ana otere akhala mwamantha cifukwa ca anthu ofuna ziwalo zao, cimeneci si cinthu cacing'ono. Muli m'bukumo ganizo lina lokomera aphunzitsi: m'gulu limene Sunny alowa, ndalama zigwa pa mapazi a munthu nthawi iri yonse waphunzira cinthu catsopano. Koma mulinso bvuto. Kwa mwana wa ku London kapena New York, matsenga ndi masewera a m'buku. Atseka buku, nagona tulo. Ku midzi ya kuno mau akuti mfiti ali ndi mano. Nkhalamba zathamangitsidwa nao m'midzi, ndipo lamulo la dziko liletsa kucha munthu mfiti. Buku limene limpatsa mwana wacialubino mphamvu zacilendo lingathe, m'manja mwa wowerenga wosatsogoleredwa, kulimbitsa bodza lomwelo limene liwaphetsa. Ku Nigeria bukuli linatuluka ndi dzina lina, What Sunny Saw in the Flames, lopanda mau aja. Mphunzitsi ayenera kuliwerenga yekha kufikira kumapeto asanalipereke kwa mwana, ndipo akalipereka akhale wokonzeka kuyankha mafunso a makolo.

Kuonjeza apo, ambiri mwa mabuku awa alembedwa ku America ndi ku England, poganizira owerenga a kumeneko. Children of Blood and Bone, la Tomi Adeyemi, la 2018, latenga maina a milungu ya Ayoruba, koma dziko lace ndi lopeka, ndipo mwana amene aliwerenga asayese kuti waphunzira cipembedzo ca Ayoruba. Liri ndi masamba oposa 500, m'Cingerezi cobvuta, ndipo mtengo wace sungakwanike ndi sukulu imene isowa coko. Sukulu zambiri za ku midzi sizidzaona ngakhale limodzi la mabuku awa caka cino kapena ca mawa.

Tsono phindu lace liri pati kwa mphunzitsi wa ku mudzi? Liri m'njira imene olembawo anatsata, pakuti njira siigulidwa ku sitolo; ndiponso si yacilendo kuno. J. W. Gwengwe wa ku Malawi anatenga nthano ya pa moto, ya munthu wophedwa ndi mbale wace cifukwa ca nsanje, ndi mbalame imene inaulula mlanduwo, naikulitsa kukhala buku la Sikusinja ndi Gwenembe, limene ana a sukulu ambiri analiwerenga. Steve Chimombo anamanga sewero lace la 1978, The Rainmaker, pa mbiri ya Mbona, ndipo Napolo wa pansi pa phiri anamlowetsa m'ndakatulo. Muno m'Zambia, Julius Chongo, pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, anasimba nthano ndi nkhani zopeka m'Cinyanja, yekha nalankhula mau a anthu onse a m'nkhani, ndipo akulu ambiri akumbukirabe m'mene mudzi wonse unali kusonkhana pa wailesi imodzi. Cimene cisowa ndi mabuku otere olembedwera anyamata ndi atsikana a lero. Ndipo amene adzawalemba ali m'makalasi tsopano lino.

Mphunzitsi angayambe ndi phunziro la kulemba nkhani. Atume ana kuti ali yense akatenge nthano imodzi kwa agogo kapena kwa azakhali, ailembe monga anaimva, pamodzi ndi nyimbo yace, pakuti nthano yocotsedwa nyimbo iri ngati nsima yopanda ndiwo. Sabata yotsatira awafunse funso limodzi: M'nthano iyi nciani cimene cikubvuta kubvomereza? Poyamba adzakhala cete, pakuti sanazolowere kufunsidwa zotere. Koma mmodzi akayamba, enanso adzamasuka. Pamenepo ali yense alembe nthano yomweyo poyankha funso lace. Zocitika zazikulu zisasinthe, pakuti cokoma ca nkhani yotere ndico kuti wowerenga adziwa kumene njira ipita, koma sadziwa m'mene adzafikira. Cimene cisinthe ndi wosimba, kapena cifukwa, kapena nyengo. Alembe m'Cinyanja poyamba, cifukwa mwana wolimbana ndi Cingerezi alibe mphamvu yotsala yolimbana ndi maganizo.

Nthano ya Birimankhwe ndi Buluzi ikwanira bwino pa nchito iyi. Cauta anatuma Birimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Iye anacedwa m'njira, ndipo Buluzi, wotumidwa pambuyo ndi uthenga wa imfa, anafika poyamba. Mwana wamng'ono aseka mayendedwe a Birimankhwe, nkhani nithera pompo. Koma mwana wa zaka 15 amene anaika amai ace m'manda caka catha sadzaseka. Angafunse cimene cinamcedwetsa mthengayo: ulesi kodi, kapena mantha, kapena anaima kuthandiza wina pa njira? Ndipo atafika napeza kuti anthu alandira kale uthenga wina, anayankhula ciani? Anakhala bwanji masiku ace otsala, ana akumgenda miyala? Momwemonso za ku Kaphirintiwa, pamene munthu anapeka moto, chire nilipsya, nyama nizithawa: nkhani imeneyi isimbidwe ndi Galu, amene anasankha kutsala ndi munthu nasiyana ndi abale ace. Mphunzitsi pocongera asayang'ane kalembedwe ka mau kokha. Aone ngati mwanayo wampatsa munthu wa m'nthano cifukwa comveka ca zimene anacita.

Pali malire amene ayenera kunenedwa poyera tsiku loyamba. Nthano za pa moto ziri za ali yense, koma za ku dambwe ndi za ku cinamwali ziri ndi eni ace, ndipo mphunzitsi amene alola ana kuzilemba m'makope adzautsa mlandu pakati pa sukulu ndi mudzi umene sudzatha msanga. Ana auzidwenso kuti asaike dzina la munthu wamoyo wa m'mudzi pa Fisi kapena pa mfiti ya m'nthano, pakuti ena adzayesa ndithu.

Nkhani zikatha kulembedwa, zitatu kapena zinai zopambana ziwerengedwe mokweza tsiku lotsekera sukulu, ndipo agogo amene anapereka nthanozo aitanidwe, napatsidwe mipando ya kutsogolo. Ena a iwo adzadandaula kuti mdzukulu wapotoza nkhani, ndipo adzafuna kuimirira kuti aisimbe m'mene iyenera kukhalira. Mphunzitsi asiye nthawi yokwanira pa ndondomeko ya tsikulo kuti atero.